Chapati za Madzi Ozizira

Munthu akamakuphunzitsa ntchito uku akumwetulira kwambiri, uziyang'ana manja ake, osati mano. Azakhali ankadziwa zimenezi, ndipo tsiku limene anaphunzitsa mlamu wawo kuphika chapati anamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Azakhaliwa ankakhala kwa mlongo wawo, telala, m'nyumba ya zipinda zitatu kumapeto kwa msewu wa maenje. Ndiwo anamulera telalayo makolo atatsogola. Sanakwatiwe, sanabereke, ndipo dzina lakuti Azakhali linawamatirira moti ngakhale wogulitsa makala ankawaitana choncho. Pa utsikana wawo anagwira ntchito zaka zambiri kukhitchini kwa amwenye ena a sitolo ya nsalu. Kumeneko mayi wokalamba wa m'nyumbamo, amene ankaphunzitsa ndi chala kuposa pakamwa, anawaonetsa kaphikidwe ka chapati. Potsanzika ntchito anatuluka ndi chiwaya chakuda cholemera ngati mlandu, kamtengo kobulungira kopapatizira ufa, ndi luso limene mlonda wa pachipata sakanalipeza m'chikwama.

Dzuwa likapendeka, Azakhali ankalowa kukhitchini n'kutseka chitseko. Ankati akuopera ana. Ndipo n'zoona, mafuta otentha sadziwa kuti uyu ndi mwana wa mwini nyumba, mbaula nayonso ilibe chibale. Koma chitsekocho chinkabisanso zina. Kuseri kwake ketulo inkakhala pamoto. Ufa wa tirigu unkakandidwa ndi madzi ofunda mpaka kufewa ngati tsaya la khanda, kenako unkafunditsidwa kansalu kuti ugone. Ukagona mokwanira ankaudula timibulu, kupapatiza, n'kuponya pachiwaya chotentha kwambiri. Chapati chinkafufuma ngati chikukoka mpweya, Azakhali n'kuchikanikiza m'mbali ndi kansalu, n'kuchibisa m'mbale yoyalamo nsalu kuti nthunzi yake isathawe.

"Izi zimadyeka ndi usinini wokha," telala ankatero akunyema, nyemba zikumudikira m'mbale. "Achemwali, inu mukadzatisiya tidzafa ndi njala."

Mawu amenewo Azakhali ankawafunda ngati bulangeti.

Chovuta chinali mlamu, mkazi wa telalayo. Sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Anali wa manja opepuka, woti akaona chinthu kamodzi mawa wachichita. Atangolowa m'banjamo anatenga zochapa. Kenako anatenga za kumsika, poti ankadziwa kunenerera. Kenako kuphika ndiwo. Ana awiri atabadwa, akagwa ankathamangira kwa mayi awo, kuwadutsa Azakhali atatambasula kale manja. Ngakhale mabatani a malaya a makasitomala, amene kale telala ankabweretsera mlongo wake, tsopano ankasokerera mkazi, awiriwo atakhala pakhonde akuseka zinthu zosaseketsa. Azakhali ankaziona zonsezi pawindo. Chimene anatsala nacho ndi chiwaya.

Tsiku lina akusesa kanjira ka pakati pa zipinda, anamva telala akuuza mkazi wake kuti, "Mtsikanayu akamasinkhuka adzafunika chipinda chakechake." Sanatchule chipinda chiti. Koma nyumba ya zipinda zitatu siivuta kuwerenga, ngakhale kwa munthu amene sanapondeko kusukulu. Musamasese pafupi ndi chitseko cha anthu okwatirana, mumatola zimene tsache silingachotse.

Sabata yomweyo mlamu anabwera akupukuta manja pansalu. "Alamu, mundiphunzitseko chapati. Tsiku lina mudzadwala, nanga ana adzadya chiyani?"

Azakhali anayang'ana manja aja, manja osaiwala, ndipo mtima unawauza kuti chiwaya chikapita, chipinda chitsatira.

"Bwerani, mlamu wanga, n'chapafupi," anatero, mano onse pamtunda. "Madzi akhale a pampopi, ozizira bwino, chifukwa ofunda amapha ufa. Musakande kwambiri, ufa umakwiya. Mukangosakaniza, dulani pomwepo, ukagona umasasa. Moto ukhale wapansipansi, muzitembenuza pafupipafupi kuopa kupserera. Mukaphula, yalani pathebulo zipitidwe mphepo."

Mlamu ankagwedeza mutu, akubwereza mawu alionse ngati mwana wa m'kalasi.

Madzulo ake telala anayesa kunyema, chapati chinalira ngati khungwa louma. Anachitembenuza uku ndi uku. "Mayi a ana, izi ndipite nazo kwa wosoka nsapato akhomere kunsi. Zingathe zaka." Ana anaseka mpaka kugubuduka. Mlamu nayenso anaseka, koma kuseka kwake kunathera pakhosi.

"Manja amasiyana," Azakhali anatero mwachifundo. "Ena ndi a singano, ena ndi a ufa."

Mlamu sanapemphenso. Chitseko cha khitchini chinapitiriza kutsekedwa, ndipo zaka zitatu zinadutsa.

Sitepe yonyowa ndi mdani wa munthu wamkulu. Azakhali anali atachenjeza aliyense za sitepe ya kuseri, ana, alendo, ngakhale wowerenga mita ya madzi. Mmawa wina anaiponda okha atanyamula beseni, ndipo dzanja lamanja ndi limene linayamba kufika pansi. Kuchipatala anawamanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono, n'kuwauza kuti akhale nacho masabata asanu ndi limodzi osanyamula ngakhale sipuni.

Mlamu analowa kukhitchini, ndipo chitseko anachisiya chotsegula. Azakhali anakhala pampando m'kanjira muja, dzanja lili pachifuwa, akuona zonse. Anaona madzi akutungidwa pampopi. Anaona ufa ukusakanizidwa mwachangu n'kudulidwa usanagone, moto utaphimbidwa ndi phulusa, chapati chikutembenuzidwa ngati wodwala wosapeza pogona. Chilichonse chinachitika mmene iwo anaphunzitsira, popanda kuphonya ngakhale chimodzi.

Choipa chitsata mwini. M'nyumba monsemo, mano ofooka anali a Azakhali. Ana ankatafuna ngati mbuzi, telala ankameza akung'ung'udza, koma iwo ankayenera kuviika chidutswa mu tiyi mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lachinayi dzino la kumanzere linayamba kugwedera.

"Alamu, ndatsatira zonse munandiuza," mlamu anatero akuwayang'ana m'maso. "Ndikulakwitsa pati?"

Liwu limodzi likanatha zonse. Koma liwu limenelo linali ndi mchira wa zaka zitatu.

"Muzolowera," Azakhali anayankha, lilime likusisita dzino.

Sabata yachiwiri mlamu anaitana mwana wake wamkazi, amene ankamutcha Kachiwala chifukwa sankakhazikika malo amodzi. "Bwera uone, ukukula tsopano. Madzi akhale ozizira, wamva? Ofunda amapha ufa. Anandiphunzitsa ndi azakhali ako, ndipo iwo anaphunzira kwa eni ake a chapati. Udzaphunzitsenso ana ako."

Azakhali anamva kutentha m'chikhakha. Bodza limene analibereka kuti likhale tsiku limodzi linali kupeza zidzukulu iwo akuona.

Koma chimene chinawalasa kwenikweni chinachokera kutsidya kwa msewu. M'nyumba ya chipata chobiriwira munali mutangolowa banja latsopano, dalaivala wa malole ndi mkazi wake, mayi wonenepa woseka mokweza, wopereka moni kwa anthu osawadziwa. Anthu otero muzisamala nawo. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Atamva kuti kwa telala kuli wodwala, mayiyu anabwera Lachinayi madzulo ndi mbale yokutidwa nsalu. Azakhali anadziwa fungolo nsalu isanavundukulidwe.

Telala ananyema chimodzi, chinang'ambika mwakachetechete ngati nsalu yakale. Anatseka maso. "Izi ndiye chapati. Achemwali, lawani. Zikufanana ndi zanu." Anatafunanso. "Kapena izi zafewerapo pang'ono."

Azakhali analawa kuti apeze cholakwa. Anafufuza mchere, anafufuza mafuta, anayang'ana kunsi ngati kwapserera. Sanapeze kanthu, ndipo dzino silinadandaule. Munthu amene anamusambitsa ali khanda, amene anamugulira makina ake oyamba osokera, anali kunyambita zala chifukwa cha chapati za mkazi wa eni, wobwera dzana. Bulangeti lija linali litafunditsidwa wina.

"Mafuta achuluka," Azakhali anatero. "Zotere zimabweretsa matenda a mtima. Ndiponso chakudya cha anthu osawadziwa sitidya chomwechi."

Palibe anawamva, mbale inali itayera kale.

Pobweza mbaleyo mlamu anachedwa kutsidya, ndipo anabwera nkhope ikuwala. "Akuti abwera Loweruka masana adzandiphunzitse. Akuti ndidzayambe ndaphika mmene ndimaphikira, aone pamene pakulakwika. Agwiritsa chiwaya chanu, alamu, akuti zakalezo ndiye zabwino."

Lachisanu lonse Azakhali anakhala pawindo akuyang'ana chipata chobiriwira. Ankachiona chonse m'maganizo. Mayi uja adzaima m'khitchini mwawo, adzaona madzi a pampopi, adzaseka kuseka kwake kuja n'kufunsa kuti anakuphunzitsani zimenezi ndani. Mlamu adzaloza ndi chibwano kumpando wa m'kanjira. Dzuwa lisanalowe msewu wonse udzadziwa, ndipo telala adzadziwa. Kuposa pamenepo, chapati zikadzayamba kufewa m'nyumba muno, ana adzazitcha za amayi a kutsidya. Dzina la Azakhali lidzachoka pachiwaya chawo chomwe. Manyazi akanawapirira. Koma kuti mkazi wina agwire kamtengo kaja, kamene kanasalala ndi zikhato zawo, chimenecho chinawakanika kumeza.

Loweruka mmawa, telala atapita kushopu ndipo ana atatumidwa kumsika, Azakhali analowa kukhitchini. Mlamu anali kutsuka makapu.

"Tsekani chitseko," Azakhali anatero.

"Ana kulibe, alamu."

"Tsekani basi. Ndipo muike ketulo pamoto."

Mlamu anatseka, anaika ketulo, n'kutulutsa masamba a tiyi.

"Si za tiyi. Tulutsani ufa."

Mlamu anaima, kapu ili m'manja. "Madzi ofunda amapha ufa," anatero pang'onopang'ono.

Azakhali anayang'ana chikhakha chawo. Chinali chitada m'mbali, Kachiwala atajambulapo duwa ndi cholembera. "Sapha," anatero. "Ndipo ufa sukwiya. Susasanso. Zonse zija ndinakuuzani chagada."

Anadikira kulira, kapena kapu kusweka. Mlamu anangoiika pashelefu bwinobwino.

"Ketulo ndinkaimva," anatero. "Tsiku lililonse, zaka zitatu, ikulira kuseri kwa chitseko, tiyi osatuluka. Mumati ndine wogontha?"

"Ndiye munkadziwa."

"Za madzi zokha. Zinazo ndimangokayika."

"Nanga bwanji masabata onsewa mwatidyetsa makungwa?"

"Ndimadikira kuti munene nokha. Ndinati dzino likagwedera anena. Linagwedera, simunanene. Ndinaitana mwana pamaso panu, simunanene. Ndiye ndinati mwina mayi wa kutsidya ndi amene angatsegule pakamwapa." Mlamu anapukuta manja. "Ndisaname, dzinolo linkandisangalatsako pang'ono. Munandiseketsa ndi ana anga omwe, alamu. Nkhani ya nsapato ija bambo awo amaikambabe kushopu."

Azakhali anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. "Munanditengera zonse," anatero. "Zochapa, msika, mabatani. Ndinamva za chipinda. Ndikanakupatsani chiwaya, ndikanatsala ndi chiyani chokhalira muno?"

"Chipinda chiti?"

"Cha mtsikana."

Mlamu analoza kuseri kwa nyumba. "Njerwa zili kuseri zija, zimene mumatiletsa kuyandikira kuti muli njoka, mumati n'zomangira chiyani? Khola?"

Ketulo inayamba kulira. Azakhali anathokoza mumtima kuti yawapatsa poyang'ana.

"Iphuleni isanawire," anatero. "Madzi akhale oti chala chipirire. Thirani pang'onopang'ono. Mchere, mafuta sipuni ziwiri. Tsopano kandani. Osati ndi zala, ndi chikhato. Kankhani, pindani, kankhaninso. Musasiye mpaka ndinene."

Mlamu anakanda mpaka thukuta kuyenderera m'khosi. Azakhali anatosa ufawo ndi chala chakumanzere, dzenje linabwerera lokha. Anaufunditsa kansalu, ndipo akazi awiriwo anakhala pansi akuudikira, wina pampando wina pachidebe, osayang'anana. Kenako anakoleza moto wambiri. Azakhali anachenjeza za nsalu ya m'chiuno kuti isayandikire makala, za chogwirira chiwaya, za nthunzi imene imawotcha kuposa moto.

"Tembenuzani katatu kokha. Mukaona timatuza, koyamba. Mawanga akuda, kachiwiri. Tsopano dikirani."

Chapati choyamba chimakanika kwa aliyense, ngakhale kwa mayi wokalamba wa kusitolo ya nsalu chinkakanika. Cha mlamu chinafufuma chonse, kuchoka m'mbali mpaka pakati, n'kuima pachiwaya ngati mpira. Azakhali zinawatengera miyezi inayi ndi zala zambiri zopsa kuti afike pamenepo. Anachiyang'ana, ndipo kanthu kaja kanawalumanso pansi pa nthiti, pamalo pake pomwe pakale. Nsanje siichoka chifukwa choti mwaulula, imangosendera kukupatsani malo pampando.

"Sichinabulungire," anatero. "Chikuoneka ngati khutu la njovu."

"Chafufuma koma."

"Mwayi wa woyamba. Bweretsani kansaluko, kukanikiza ndikanikiza ndine. Dzanja lamanzere silinathyoke."

Masana mkazi wa dalaivala anagogoda, atavala kale epuloni. Azakhali anamutsegulira okha, n'kuima pakhomo modzaza. Anamuthokoza kwambiri chifukwa cha mbale ija, anamufunsa za ana, anamuchenjeza za sitepe ya kuseri, ndipo anamupatsa chapati zitatu zokutidwa m'nsalu kuti akalawe kwawo. Mayiyo ananyema kachidutswa pomwepo, n'kukweza nsidze. Khitchini sanaione.

Dzuwa litapendeka telala anabwera, ulusi uli m'malaya, n'kukhala pathebulo ngati munthu wopita kukachotsa dzino. Anavundukula nsalu. Ananyema. Anatafuna, n'kuyang'ana chikhakha cha mlongo wake.

"Achemwali, mwaphika ndi dzanja limodzi? Adokotala anati chiyani?"

Ana anasiya kutafuna. Mlamu anali kugawa nyemba, maso ali m'mphika, osathandiza ngakhale pang'ono. Azakhali anaona kuti akangogwedeza mutu, bulangeti lija libwerera kwa iwo lonse. Lilime linapita pa dzino logwedera lija.

"Waphika ndi mkazi wako," anatero, ngati akulavula njere.

"Mayi a ana? Izi?" Telala anatembenuza chapati kufuna umboni. "Ndiye mayi wa kutsidya ndi mphunzitsi ndithu."

"Wa kutsidya sanaponde muno," Azakhali anatero msanga, mpando ukulira. "Ndamuphunzitsa ndine. Ine, ndi chiwaya changa."

Telala anayang'ana mkazi wake.

"N'zoona," mlamu anatero, akuika chapati chofewa kuposa zonse m'mbale ya Azakhali. "Anandiphunzitsa kawiri."